Manja a Dokotala Jebamani ndi Maso a Akulu Awo

Malemu Dokotala Jebamani Gnanadurai, amene agona patsogolo pathupa, anabadwa pa 9 Epulo 1942 m'mudzi mwathu muno mwa Panaivilai. Anali mwana wachiwiri wa Bambo Yesudasan ndi Mayi Annammal. Abusa, akulu a mpingo, nthumwi za boma zimene zakhala pa mipando ya kutsogoloyi, ndi nonse amene mwabwera kudzalira nafe, ine ndine Thangaraj, mwana wa Mayi Ponnammal, akulu awo a malemuwa. Choncho agona apawa ndi amayi anga aang'ono. Dzulo a boma anatibweretsera mbiri yolemberatu, yamasamba awiri, kuti ine ndingoiwerenga. Taibweza mwaulemu. Amayi aang'onowa anawerenga mawu olemba anthu ena kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndiye banja lagwirizana kuti pa maliro pawo pamveke mawu athu. Ine ndinali woyendetsa basi, kukometsa mawu sindikudziwa, mundikhululukire ndikaphonya.

Bambo awo anali okwera migwalangwa. Ankakwera mitengo makumi atatu m'mawa ndi madzulo kukatsitsa madzi otsekemera, amayi awo n'kumawiritsa madziwo mpaka asanduke shuga wa zibulunga wokagulitsa kumsika. Mu 1952 amayi awo anamwalira, ndipo panafunika kuti mwana mmodzi asiye sukulu akaime pa mphika paja. Ana anali awiri okha, onse aakazi, onse okhoza m'kalasi. A Ponnammal, ali ndi zaka 13, ndi amene anadula nkhani. Anati, "Iwe Jeba ungatipserezere shuga, pita uko kusukulu." Anaima pa utsi umenewo zaka khumi ndi zitatu, kufikira mng'ono wawo atamaliza maphunziro.

Malemu anayamba sukulu ya mishoni pompano mu 1948. Mu 1955 anasankhidwa kupita ku sekondale ya atsikana ku Nagercoil, ndipo mu 1960 anakayamba maphunziro a udokotala ku Madurai. Anamaliza mu 1965, kenako anapitiriza za matenda a maso mpaka 1969. Pa 12 Meyi 1968 anamanga ukwati mu tchalitchi chino ndi Bambo Gnanadurai, mphunzitsi wa malamulo, munthu wokonda mtsutso kuposa chakudya. Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, Kirubai ndi Inban.

Kuyambira mu 1972 malemu anayamba kuyenda m'midzi kuchotsa ng'ala m'maso mwa anthu. Ankagwirira ntchito m'makalasi ndi m'matchalitchi, zipangizo ankaziwiritsa m'poto wamba. Mu 1983 anatsegula kachipatala ka maso kuseri kwa tchalitchi chino, ka mabedi makumi awiri. Ine ndinawayendetsa maulendo a m'midzi aja zaka khumi ndi zisanu, ndiye zimene ndikunenazi si za m'maluwa. Tsiku la opaleshoni sankamwa khofi, sankanyamula chidebe, chitseko cha basi ankachita kutsegulira ndi chigongono, kusamala manja. Anali aukali ndithu, anamwino ali pano akudziwa. Koma agogo amene anabwera atagwidwa dzanja ankabwerera okha mawa lake akuwerenga masitepe. Anamwino amati maso amene manja amenewa anatsegula akupitirira zikwi makumi anayi.

Mu Juni 2007, malemu ali ndi zaka 65, kunabwera lamya kuchokera ku likulu la dziko. Anawauza kuti pothokoza ntchito yawo, asankhidwa kukhala bwanamkubwa wa chigawo china cha kumpoto, kumapiri. Paja mwambo ndi wakuti bwanamkubwa azichokera kutali, kuti asakhale ndi mbale kapena chipani kumene akupitako. Banja linakumana, ndipo mtsutso umene mumaumva pa wailesi masiku ano, woti mpando wa bwanamkubwa ndi wofunika kapena ayi, ife tinauyamba tsiku limenelo mpunga ukuzizira m'mbale. Bambo Gnanadurai anati mpando umenewo uli ngati tayala la sipeya: limakhala zaka osaliyang'ana, koma tsiku limene boma laphulika panjira mumalithokoza. Kirubai anayankha kuti sanaonepo sipeya wokhala ndi nyumba ya zipinda makumi asanu ndi limodzi ndi antchito mazana awiri, ndipo anati mpandowo ndi katundu amene atsamunda anaiwala posamuka. A Ponnammal anangofunsa funso limodzi, kuti kodi bwanamkubwayo akadzuka m'mawa amagwira ntchito yanji. Anthu ophunzira onse aja anangoyang'anana, tinangoseka.

Malemu anazengereza milungu iwiri. Abusa a nthawi imeneyo anabwera, akulu a mudzi anabwera, onse kunena kuti mwana wa wokwera migwalangwa sanakhalepo pa mpando wotere, akakana achititsa manyazi mudzi wonse. Ifenso tinawakankha, tisabise. Nthawi imeneyi n'kuti diso la kumanzere la a Ponnammal litayamba kuchita chifunga. Malemu analiunika ndi tochi yawo n'kunena kuti, "Achemwali, ng'ala yangoyamba kumene, si yothamangira. Ndikabwera patchuthi ndidzaichotsa ndekha." A Ponnammal anati chabwino, ndipo anaonjeza kuti maso awo sadzagwidwa ndi munthu wina aliyense. Tonse tinatenga ngati nthabwala za pachibale.

Analumbira pa 21 Julayi 2007. Kumeneko chinenero sankachidziwa. Chaka chilichonse ankatsegulira nyumba ya malamulo ya chigawo powerenga mawu amene nduna zalemba, ndipo mlembi wa nyumba ya bwanamkubwa ankawalembera mawuwo m'zilembo zathu kuti azingotchula mamvekedwe ake. Ankaima ola lathunthu akunena kuti "boma langa lachita chakuti, boma langa lichita chakuti," osadziwa kuti afika pa misewu kapena pa mbuzi. Lamulo likabwera ankasayina. Akalibweza kamodzi, aphungu n'kulitumizanso, ankayenera kusayina basi. Ankadula maliboni, kupereka zikho, kulandira nkhata za maluwa. Kutuluka m'chigawomo kunkafuna chilolezo cholembedwa chochokera ku likulu, ngakhale kubwera kuno kudzaona mbale. Ndinakawachezera kamodzi mu 2008. Kapinga wosalala, asilikali pa geti, munthu wapadera wongotsegula chitseko. Ine n'kuti, amayi, mwafika kumwamba muli moyo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Thanga, chikomekome cha mkuyu."

Chimene ndinaona kumeneko sindidzaiwala. M'mawa uliwonse wophika ankabwera ndi maso a mbuzi kuchokera kwa ogulitsa nyama, atawaika m'kapu. Malemu ankadzitsekera m'kachipinda, n'kumawachita opaleshoni maso a mbuzi yakufa, awiri kapena atatu, kuti manja asaiwale. Antchito ena ankanong'onezana kuti bwanamkubwa wa kummwera uyu ali ndi zizimba. Iwo sankasamala. Ankati akukonzekera diso la achemwali awo.

Mu Febuluwale 2010 anapeza chilolezo cha masiku anayi, ndipo analamula kuti a Ponnammal akonzedwe. Ambiri a inu munaona zimene zinachitika. Apolisi anafika kutatsala masiku atatu. Anatseka msewu wa kutchalitchi, anasecha mabedi, anabweza odwala 140 amene anagona pakhonde kudikira mzere wawo, ena atayenda ulendo wa tsiku lathunthu. Akuti chitetezo cha bwanamkubwa. Malemu atafika anapeza chipatala chawo chili zii, muli maluwa okhaokha. A Ponnammal anali atavala kale chovala cha opaleshoni, atawalemba chizindikiro pamwamba pa diso. Malemu akusamba m'manja, mlembi uja analowa ndi kalata. Lamulo limati bwanamkubwa sangazengedwe mlandu m'khothi lililonse ali pa mpando. Ndiye akuluakulu a boma anati m'kalatamo munthu amene sangazengedwe mlandu sangaloledwe kugwira mpeni pa diso la munthu, chifukwa zikalakwika palibe woyankha. Malemu anatembenukira kwa amuna awo, katswiri wa malamulo uja. Bambo Gnanadurai anawerenga kalatayo kawiri, n'kuweramitsa mutu. Malemu anapukuta manja, anakavula okha achemwali awo chovala chija. Chimene chinawapweteka kwambiri ndi odwala obwezedwa aja, ndipo kuyambira tsiku limenelo anakana kuyendera chipatala chilichonse ali bwanamkubwa.

Anawachonderera a Ponnammal kuti alole Dokotala Manohar, amene malemu anawaphunzitsa okha, achite opaleshoniyo. Anachonderera pamaso, anachonderera pa lamya Lamulungu lililonse, ifenso ana tinalira. Amayi anga ali apa, akundimva, ndipo akudziwa kuti ndi ouma mutu. Yankho lawo linali limodzimodzi: "Ndinapsa ndi utsi zaka khumi ndi zitatu kuti manja amene aja aphunzire. Zaka ziwiri zatsalazi ndidikira." A Manohar atabwera kunyumba ndi galimoto, amayi anawapatsa tiyi, n'kuwaperekeza mpaka pa geti.

Kuti tisaname pamaso pa Mulungu, tsiku la sipeya lija linafikadi. Mu Meyi 2011 kunali chisankho m'chigawo chija ndipo palibe chipani chimene chinapeza aphungu okwanira. Atsogoleri awiri anabwera ku nyumba ya bwanamkubwa, aliyense ndi mndandanda wake wa mayina, mayina ena akupezeka mbali zonse ziwiri. Ku likulu ankaimba lamya kunena amene iwo akumufuna. Malemu anakana kuwerenga anthu papepala. Anati aphungu akakhale m'nyumba ya malamulo masana dzuwa likuswa mtengo, awerengedwe mmodzimmodzi anthu akuona. Zinachitika motero, ndipo sipanagwe mwala ngakhale umodzi mumsewu. Bambo Gnanadurai anayenda monyada sabata yonse. Malemu analembera Kirubai kuti, "Abambo ako apambana mtsutso tsiku limodzi. Masiku ena onsewa wapambana ndiwe."

Zaka zisanu zinakwana pa 20 Julayi 2012. Malemu anali atalongedza kale mabuku awo m'makatoni. Koma pali kachiganizo kena m'malamulo kamene ife tonse sitinkakadziwa, kakuti bwanamkubwa apitirize kufikira womulowa m'malo atafika. Wolowa m'malo sanafike. Ena amati ku likulu anali asanaiwale za Meyi uja, ena amati anangotanganidwa. Ife sitikudziwa, ndipo sitiloza munthu chala pa maliro. Malemu analemba kalata yotula pansi udindo mu Okutobala 2012. Anayankhidwa kuti adikire miyezi itatu yokha. Analembanso mu Epulo 2013, anayankhidwa kuti nyumba ya malamulo ili mkati mokambirana, asasiye chigawo pamtetete. Kalata yachitatu inalembedwa ndi Bambo Gnanadurai eni ake, munthu amene ankauikira kumbuyo mpandowo, ndipo anailemba misozi ili m'maso. Yankho linati kukubwera chisankho cha dziko lonse, apirire pang'ono.

Alipo amene amafunsa kuti bwanji sanangonyamuka n'kukwera sitima. Inenso ndinawafunsa, mwaukali ndithu, chifukwa n'kuti diso la kumanzere la amayi anga litazimiratu. Anandiyankha kuti moyo wawo wonse sanasiyepo munthu pa tebulo diso lili lotsegula, ndipo sankadziwa kuchoka pa ntchito wina asanailandire. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinawauza mwambi umenewu pa lamya, ndipo mpaka lero ndimadandaula kuti ndinatero. Makatoni aja anakhala omangamanga pakhonde zaka ziwiri ndi miyezi itatu.

Mu Ogasiti 2013, m'kachipinda kaja, dzanja lamanja linawanjenjemera koyamba pa diso la mbuzi. Anayesanso mawa lake, zomwezo. Monga dokotala anadziwa msanga kuti ndi matenda onjenjemeretsa amene sachira. Poyamba anauza amuna awo okha, ndipo wophika uja anauzidwa kuti asiye kubweretsa maso. Anaimbira a Ponnammal kuwauza chilungamo chonse, kuti manja aja atha, alole a Manohar. Amayi anga anaganiza kuti ndi njira yongowanyengerera, anati adzakhulupirira akadzawagwira okha manjawo. Kumayambiriro kwa 2014 diso lamanja la amayi anga nalonso linayamba kupweteka ndi kufiira. Anabisa mwezi wathunthu, akumanga mutu ndi nsalu n'kumati ndi litsipa.

Wolowa m'malo analumbira pa 27 Okutobala 2014, ndipo malemu anafika kuno pa 3 Novembala. Sanalowe n'komwe m'nyumba mwawo. Anapita molunjika kwa achemwali awo, anatulutsa tochi ija, koma inkagwedezeka moti anachita kundipempha ine kuti ndiwagwirire. Anayang'ana nthawi yaitali. Ng'ala inali itakhalitsa mpaka kuwononga mitsempha ya maso onse awiri, ndipo panalibenso dokotala pa dziko lino amene akanaibwezeretsa. A Ponnammal anafufuza manja a mng'ono wawo, anawagwira, anamva mmene akunjenjemerera. Anangoti, "Iwe Jeba, unkanenadi zoona." Analira onse awiri, ife tinatuluka panja.

Bambo Gnanadurai anatisiya mu Januwale 2016. Kuchokera pamenepo malemu anakana nyumba imene boma linawakonzera mutauni, anasamukira kwa achemwali awo. Anthu a pano munkawaona Lamulungu lililonse akubwera ku tchalitchi, a Ponnammal atagwira phewa la mng'ono wawo. Kunyumba malemu ankawerenga Baibulo ndi nyuzipepala mokweza, a Ponnammal n'kumawamwetsa tiyi chifukwa kapu inkawatayikira. Ankakangana ngati ana, za mchere, za zenera, za amene anayamba kuuma mutu. Za udindo uja m'nyumbamo simunkatchulidwa. Mlendo akawaitana kuti "Olemekezeka," ankamuuza kuti olemekezekawo anatsala kumapiri.

A wailesi ndi a nyuzipepala ankabwera kawirikawiri kufuna kuti malemu anene ngati mpando wa bwanamkubwa uthetsedwe kapena ayi. Onse ankabwezedwa. Analola kamodzi kokha, mu 2017, ophunzira a pa koleji ina atawapempha kuti akaweruze mtsutso wawo pa nkhani yomweyi. Anamvetsera mbali zonse, kenako anaimirira atabisa manja m'nsalu yawo. Anati, "Ana inu, mpandowo unagwira ntchito tsiku limodzi pa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo tsikulo linali lofunika, sindingakane. Ngati mukuufuna usungeni. Koma muziikapo munthu amene ntchito yake inatha, ndipo muzimuuza poyambirira pomwe kuti khomo lotulukira lili pati." Mbali zonse ziwiri zinabwerera zosakondwa, chikho anapatsa mtsikana amene analankhula mwachidule.

Mu Seputembala chaka chino malemu anayamba kutsokomola ndi kufooka. Pa 28 Okutobala anagonekedwa m'chipatala chawo chomwe, atapezeka ndi chibayo. Anali atalemba kalekale kuti akadzamwalira maso awo adzaperekedwe kwa osaona. M'sabata yomalizayi anaitana a Manohar n'kuwafunsa ngati maso awowo sangaikidwe mwa achemwali awo. Abale anga, munthu ameneyu anagwira ntchito ya maso zaka makumi anayi, yankho ankalidziwa kuposa wina aliyense, kuti pamene mtsempha wafa palibe choikapo chimene chingathandize. Komabe anafunsa Lolemba, anafunsanso Lachiwiri. A Manohar ankangotuluka kukalira pakhonde. Malemu anatsikira kulichete Lachitatu pa 6 Novembala 2019, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 77. Chifuniro chawo chinachitika tsiku lomwelo, ndipo tauzidwa kuti anthu awiri amene sitikuwadziwa athandizika.

Malemu asiya ana awiri, Kirubai ndi Inban, adzukulu asanu, ife ana a akulu awo, ndi akulu awowo, Mayi Ponnammal, amene ali ndi zaka 80.

Banja likuthokoza Dokotala Manohar ndi anamwino onse amene sanachoke pambali pa bedi masiku khumi. Tikuthokoza abusa ndi amayi a mpingo amene aphikira khamu lonseli, achinyamata amene akumba manda, ndi inu amene mwayenda kuchokera m'midzi yakutali chifukwa tsiku lina munaona ndi manja amenewa. A boma tikuthokozani chifukwa cha mbendera ndi asilikali. Tikungopempha kuti msewu wa kuchipatala muutsegule tsopano lino, musadikire kuti mwambo uthe, chifukwa lero ndi tsiku la opaleshoni ndipo pali anthu pa geti.

Pempho lomaliza ndi la amayi anga. Akuti mbendera isafundidwe pa bokosi iwo asanatsanzike, ndipo mfuti za asilikaliwa zisalire iwo ali pafupi, chifukwa saona kumene zaloza. M'mawa uno, tisananyamuke kunyumba, ndinawatsogolera pa bokosi. Sanafufuze nkhope. Anatsetsereka ndi zala mpaka anapeza manja, anawagwira nthawi yaitali, kenako anandiitana. Anati, "Thanga, tabwera udzaone. Manja a Jeba akhazikika tsopano."

Amayi aang'ono, wokulowani m'malo musamudikirenso, nyamukani. Mzimu wanu uuse mumtendere wa Ambuye. Ameni.